Asilikali a M'chiwindi Changa ndi Chinkhoswe cha Yamikani

Mukafika pa msika wa Kasakula n'kufunsa munthu amene sanagonjepo pa kunenerera, akulozerani ine. Sindikudzitama ayi, ndi mmene zilili. Ndinagulapo njinga kwa munthu amene sanabwere kudzagulitsa njinga, iye n'kubwerera kwawo wapansi akundithokoza. Kwa zaka zambiri ndakhala ndikugula mtedza ndi nyemba m'mapiri a Ntchisi muno, kutsika nazo kuchigwa, n'kukwera ndi mpunga, ndipo lamulo langa lakhala limodzi: amene wakhala nane pansi kuti tikambirane, amadzuka atandipatsa chomwe ndabwerera. Mawu amenewa ndinkawanena paliponse, ngakhale pamaliro. Chaka chatha ndinawanenanso kwa mlongo wanga wamkulu, a Nabanda, ndipo ndikawakumbukira lero ndimayamba kuyang'ana zala zakumapazi.

Nkhani yake inali iyi. Mwana wa a Nabanda, Yamikani, amene ndi mphunzitsi wa kupulayimale, anapeza mbeta. Dzina lake Tadala, wa mudzi wina cha ku Mtengowanthenga. Mtsikana wabwino, wophunzira, wodziwa kupereka moni. Vuto linali limodzi lokha. Ife kwathu ndi a mpingo wa abusa kuyambira pa agogo athu amene anaphunzira sukulu ya mishoni, pomwe kwawo kwa Tadala ndi a kwa ansembe, a korona m'khosi. Tsono ukwati ukadalitsidwire kuti?

A Nabanda anabwera kunyumba kwanga atavala yunifolomu yawo ya amayi a mumpingo, kuti ndidziwe kuti sanabwere kudzacheza.

"Iwe, ine ndavina maukwati a ana a eni ake mpaka zidendene kung'aluka. Wanga ndi mmodzi yekhayu. Ukwati wake ndikauonere pabenchi ya alendo, osadziwa ndi nyimbo yomwe?"

"Achemwali, tsitsani mtima pansi. Atsibweni ake a mwanayu ndine, nkhoswe yake ndinenso. Ukwati umenewu adalitsa ndi abusa athu, m'tchalitchi mwathu, inu muli kutsogolo."

"Akuti atsibweni ake a mtsikanayo ndi munthu wovuta."

"Munthu wovuta ndi uti amene sindinamuonepo?"

Anapempha madzi akumwa n'kunyamuka.

Patapita sabata ziwiri, Yamikani anabwera ndi Tadala kudzamuonetsa kwa ine. Titatha kudya ndinamufunsa ntchito yomwe amagwira mumzinda.

"Ndimagwira ntchito mu labotale, atsibweni. Timafufuza za malungo. Ine ndimasamalira mbewa."

Ndinaganiza kuti sindinamve bwino. Kuno kwathu mbewa sitizisamalira, timazikumba. Koma anandifotokozera kuti zawozo ndi zina, zoyera mbee, zobadwira m'nyumba yoyera kuposa ofesi ya ku Boma, zodya pa nthawi yake, ndipo aliyense wolowa kukaziona amayamba wavala magolovesi. (Ndinaganizira za ana anga amene ndinawalera popanda golovesi ngakhale imodzi.)

Ndinamufunsa kuti mbewa ndi malungo zikukhudzana bwanji, ndipo mwanayo amadziwa kufotokoza. Anati m'magazi mwathu muli maselo, tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, ndipo ena mwa maselowo ntchito yawo ndi ya usilikali. Pakati pa asilikaliwo pali gulu lina lotchedwa maselo a T. Udzudzu ukaluma munthu, tizilombo ta malungo sitiyamba ndi kumudwalitsa. Timayamba tathamangira kuchiwindi, kukabisala ndi kuswana mwakachetechete, kenako n'kutulukira m'magazi titachuluka.

"Ndiye mwa mbewa zimaoneka kuti maselo a T akaphunzitsidwa kuzindikira tizilomboto, ena amakakhazikika kuchiwindi komweko ngati alonda. Kachilombo kakangolowa, amapeza pomwe kabisala n'kuwonongapo kasanaswane. Mbewa yopanda maselo amenewa imavutika kwambiri."

Ndinasendeza mpando. "Asilikali amenewa ndili nawo inenso?"

"Muli nawo, atsibweni."

"Ndipo akamuona mdani kamodzi amamukumbukira?"

"Amakumbukira, koma..."

Apa m'pamene ndinadzipweteka. Pa malonda, ukangomva mawu omwe umafuna, sumadikira otsatira, chifukwa otsatirawo nthawi zonse amakhala okweza mtengo. Ndinamudula pakamwa ndi kumuyamikira, n'kuitanitsa thobwa. M'mutu mwanga masamu anali atatha kale. Ndili mwana ndinadwala malungo kosawerengeka. Ngati kambewa kosadziwa ndi dzuwa lomwe kamatetezeka kataphunzitsidwa pang'ono chabe, kuli bwanji ine? Asilikali anga ayenera kuti anafika pa maudindo akuluakulu.

Tsopano mvetserani mmene munthu wochenjera amadzikumbira dzenje. Pa chinkhoswe, a kuchimuna amapereka tambala, a kuchikazi n'kupereka msoti, ndipo ankhoswe amasinthana nkhukuzo pamaso pa anthu. Ine ndinkafuna tambala woti a kuchikazi akamuona adziwiretu kuti akukambirana ndi anthu otani. Chakumapeto kwa Juni, nditatsikira kuchigwa kukagula mpunga, ndinamupeza. Anali pakhomo pa mayi wina wamasiye, wofiira, wa lipombo logwera mbali, wamtali kufika m'bondo mwanga. Mayiyo anakanitsitsa kuti sagulitsa. Ndinayesa njira zanga zonse, kunyoza tambalayo kuti ndi wokalamba, kunyamuka ngati ndikupita, kubwereranso ngati ndaiwala chipewa. Sanasunthe. Kenako maso ake anagwera pa neti yanga yobiriwira, yomwe akazi anga amandilongedzera pa ulendo uliwonse wa kuchigwa, itasuzumira m'chikwama.

"Yanga inang'ambika, ndipo ndimagona ndi adzukulu awiri," anatero.

Sindinadikire. Neti uko, tambala kuno.

"Nanga inu mugona bwanji, bambo? Kuno udzudzu wake si wa kumapiri kwanu. Madambo a mpungawa sauma."

"Mayi, ine ndili ndi asilikali m'chiwindi."

Anandiyang'ana mmene timayang'anira munthu amene wayamba kumwa kusanache, n'kulowetsa neti m'nyumba msangamsanga ndisanasinthe maganizo. Ndinagona kuchigwako masiku atatu. Udzudzu unandidya ndithu, koma ine ndinkangoti asiyeni, anyamata anga akuchita masewera olimbitsa thupi. Nditafika kunyumba akazi anga anafunsa za neti, ndinawaonetsa tambala. Sananene kanthu, ndipo mwamuna aliyense wokwatira akudziwa kuti kusanena kanthu kumeneko n'koopsa kuposa kukalipa.

Pa nthawi imeneyi n'kuti nditakumana kale kawiri ndi nkhoswe ya kuchikazi, a Gelevazio, atsibweni ake a Tadala. Ndinkayembekezera chimphona, koma ndinapeza kamunthu kochepa thupi, mlimi wa fodya, kolankhula motsitsa ngati pali mwana wagona pafupi. Zina zonse tinagwirizana bwinobwino. Koma ndikangoyambitsa ya tchalitchi, iwo ankangoti, "Imeneyo tidzakambirana mwambo wa chinkhoswe ukadzatha, ankhoswe anzanga. Chakudya chotentha sitimeza." Ine ndinkapita kwa a Nabanda kukawauza kuti munthu uja akundiopa.

Chinkhoswe chinali Loweruka lina pakati pa Julaye. Lachinayi ndinadzuka m'thupi mukuphwanya. Ndinati ndi matumba a mpunga. Lachisanu mutu unayamba kugunda, ndipo chakudya chinkamveka ngati utuchi. Akazi anga anandigwira pachipumi.

"Tiyeni mukayezetse, bambo. Chipatala si patali."

"Imeneyi ndi nkhondo ili m'kati. Nkhondo ikamachitika pamatuluka fumbi."

"Fumbi lake ndi limeneli mwafunda mabulangete awirili?"

"Ndi Julaye uno. Aliyense akuzizidwa."

Loweruka m'mawa ndinavala suti yanga ndi tayi, tinakwera lole ya mpingo wonse wa kuchimuna, tambala ali m'dengu pamiyendo panga. Amayi ankaimba njira yonse. Mphepo ya pamwamba pa lole inandilowa mpaka m'mafupa, ndipo pofika kumudzi kwa a Tadala n'kuti mawondo anga akuombana okha.

A kuchikazi anali atakonza bwino, ndisaname. Bwalo losesedwa, matenti awiri, zokuzira mawu, ng'oma. Ife anatipatsa nyumba ina chapambali kuti tikonzekereremo. Ndinaona kuti ndikangokhala pamthunzi wa tenti ndigwa, choncho ndinabwereka chitenje kwa akazi anga, ndinazungulira kuseri kwa nyumbayo komwe kunali kadzuwa, ndinakhala pabenchi n'kudzifunditsa mutu wonse mpaka kumapazi. Ndinati mphindi zisanu zokha, thupi litenthedwe, kenako ndikaonetse anthu mmene nkhoswe imayankhulira.

Kwa amene simunapitepo ku chinkhoswe cha kwathu kuno, pamakhala kamwambo kena kosangalatsa anthu. A kuchimuna amatulutsa amuna angapo atawafunditsa zitenje thupi lonse, mkwati weniweni ali pakati pawo, ndipo mtsikana amayenera kuloza wake. A kuchikazi nawonso amachita chimodzimodzi. Tsono kuseri komwe ndinakhala ine n'komwe amayi anasankha kufunditsirako Yamikani ndi anzake awiri. Mmodzi mwa anzakewo, mphunzitsi mnzake, anali atachoka kukayankha foni kumunda kwa chinangwa komwe kumagwira netiweki. Amayi oimba atabwera kudzatenga anthu awo, anawerenga mitu yofunda. Mmodzi, awiri, atatu. Zinakwana.

Ndinangomva manja awiri andigwira m'khwapa.

"Dikirani, ine ndine..."

"Chete, achimwene, mawu angakuzindikiritseni."

Ndinayesanso, koma mano ankangogundana, ndipo ng'oma zinali zitayamba. Mayi amene anandigwira kumanja anali wa kwaya ya kusukulu kwa Yamikani, sankandidziwa n'komwe. Anandikoka bwinobwino, ine ndikungoona fumbi ndi nsonga za nsapato zanga. Mphamvu zolimbana naye ndinalibe. Ndinangoti Mulungu adziwa.

Titafika pabwalo anatiimika pamzere. Anzanga awiriwo anaima chilili ngati mitengo. Ine thupi linakana. Linayamba kunjenjemera kuchokera m'mapewa, kutsikira m'chiuno, mpaka chitenje chonse chinkagwedezeka. Anthu anayamba kuseka ndi kuomba m'manja.

"Wachitatuyo ndiye katswiri," anatero woyendetsa mwambo pa chokuzira mawu. "Taonani mmene akudulira chiuno. Oimba ng'oma, mutsatireni ameneyo."

Ndipo anandilondoladi. Ng'oma zinayamba kuthamanga mofanana ndi malungo anga. (Ndavinapo m'moyo mwanga, koma sindinayamikiridwepo ngati tsiku limenelo, pomwe sindinkavina.) M'kati mwa phokosolo ndinamva woyendetsa mwambo akufunsa kuti, "Kodi nkhoswe ya kuchimuna ili kuti? Tikuifuna kutsogolo kuno." Ndinamvanso mawu a a Nabanda chapafupi akuti, "Anali pompano. Munthu ameneyu pa zinthu zofunika ndiye amasowa."

Kenako ng'oma zinatsika, Tadala anabwera kudzasankha. Ndinaona nsapato zake zikudutsa woyamba, zikuima pang'ono pa wachiwiri, amene anali Yamikani, kenako zikufika pa ine. Zinaima. Zinakhalitsa. Dzanja lake linagwira mkono wanga pamwamba pa chitenje, n'kukwera mpaka pachipumi.

Amayi a kuchikazi anaganiza kuti wasankha. Nthungululu zinabuka bwalo lonse.

"Ayi, dikirani," anatero Tadala. "Uyu si wanga. Wanga ndi wapakatiyu, ndamudziwa kale. Koma uyu muvundukuleni msanga, akutentha ngati mbaula."

Anandivundukula.

Taganizani inuyo. Anthu a midzi iwiri, akulu a mpingo a mbali zonse, ana ali m'mitengo. Pakati pa bwalo paima bambo wa imvi, wa suti ndi tayi, thukuta lili chuchuchu, milomo yotuwa, akunjenjemerabe ngakhale ng'oma zaleka. Kunakhala bata loti mukanamva nkhuku ikupalasa. Kenako mayi wina wachikulire wa kuchikazi anafunsa mnzake, mokweza ngati mmene amafunsira anthu osamva bwino:

"Kodi kuchimunako anyamata anatha?"

Bwalo lonse linagwa nacho chiseko. A Nabanda anaphimba nkhope ndi mpango. Ine ndinatsegula pakamwa kuti ndipereke moni wa nkhoswe monga ndinakonzera, koma miyendo inapinda yokha, ndinakhala pansi pafumbi.

Amene anafika msanga anali a Gelevazio. Sanaseke. Anatulutsa njinga yawo yamoto, anandikweza kumbuyo, ndipo poona kuti ndikupendama, anatenga chitenje chomwe chija n'kundimangirira kumsana kwawo ngati khanda. Tinatuluka m'mudzimo choncho, nkhoswe ya kuchikazi itabereka nkhoswe ya kuchimuna. Mwambo unapitirira. Tambala wanga anakaperekedwa ndi mkulu wina wa mpingo wathu, amene akuti anamugwira chadodolido.

Kuchipatala cha mishoni anandibaya chala, ndipo yankho silinachedwe. Malungo, ochuluka ndithu. Anandigoneka, anandiika dilipi, ndipo akazi anga akuti madzulo amenewo ndinkabwebweta, kunenerera mtengo wa mpunga ndi mzamba amene ankangodutsa.

M'mawa wa Lamulungu mutu unayamba kupepuka. Tadala anabwera ndi Yamikani, atanyamula phala m'fulasiki. Anagwada pambali pa bedi kundipatsa moni, ndipo ulemu umenewo unandipweteka kuposa jakisoni.

"Atsibweni, mayi akunyumba kwanu andiuza za neti. Tsiku lija munandidula ndisanamalize."

"Maliza tsopano, mwanawe. Pano sindingathawe, andimangirira."

Anamaliza. Anati mbewa zawo amaziphunzitsa mwadala, ndi tizilombo tofooketsedwa, pa muyeso wake, osati kungozisiya kudambo kuti udzudzu uzidye. Anati munthu amene wadwala malungo kambiri amakhaladi ndi chitetezo, koma chosakwanira, ndipo akakhala zaka kumapiri komwe udzudzu ndi wochepa, chimazilala. Anatinso tizilomboto timasinthasintha maonekedwe, moti mlonda amene anaona wakuba atavala malaya ofiira amamulola kudutsa akabwera atavala oyera.

"Komanso, atsibweni, inu si mbewa. N'chifukwa chake tikufufuzabe. Zikanakhala kuti zinatheka kale, bwenzi ine ndilibe ntchito."

"Ndiye asilikali anga anali kuti?"

"Analipo. Mwina n'chifukwa chake munafika Loweruka mukuyenda. Koma munawatumiza ku nkhondo okhaokha."

Yamikani ankayang'ana kudenga, masaya akugwedezeka. Ndinamuuza kuti akasekere panja.

Masana anabwera a Gelevazio, atachokera ku Misa, chipewa chili m'manja. Anakhala pampando, anafunsa za thupi, anayamikira tambala. Ine mumtima ndinadziwa kuti nthawi ija yakwana, ndipo yandipeza ndili chagada, nditavala malaya a chipatala otseguka kumbuyo. Ndinaganiza za a Nabanda ndi yunifolomu yawo. Ndinayesa kukhala tsonga.

"Gonani, ankhoswe anzanga," anatero motsitsa. "Ine sindingalimbane ndi munthu amene ali pa dilipi, anthu angandiseke. Nkhani ija ndaiganizira. Mayi ake a mnyamata ali ndi mwana mmodzi yekha. Ukwati ukadalitsidwe kwa abusa. Ndayankhula kale ndi a kwathu, ndipo zofunika kupempha kwa ansembe ndikapempha ndine."

Ndinatsala pang'ono kulira. Ndinawagwira dzanja ndi manja anga onse awiri, dilipi ikulendewera.

"Kanthu kamodzi kokha, kakang'ono," anapitiriza. "Ana amene Mulungu adzawapatse, adzabatizidwe kwathu."

"Zimenezo n'zazing'ono," ndinatero ine, katswiri wa pa Kasakula. "Ana ake ati? Sanabadwe n'komwe."

Anamwetulira, anavala chipewa, anandifunira kuchira msanga. Panali pa Lachiwiri, ndili pa minibasi yobwerera kwathu, pamene mutu unayamba kugwira bwino ntchito, ndipo ndinawerenga zomwe ndinachita. Ine ndinatenga tsiku limodzi. Iwo anatenga mbumba yonse.

Ukwati unachitikadi m'tchalitchi mwathu mu Okutobala. A Nabanda anavina kuyambira pakhomo mpaka kuguwa, anayambitsa nyimbo zitatu okha, ndipo abusa anachita kuwapempha kuti akhale pansi. Za ana ndinawauza patapita mwezi, nditaima pafupi ndi chitseko. Iwo anangoti, "Iwe, kuno kwathu ana n'nga kuchikazi kuyambira kale. Ukanakana, ukanawaletsa ndi chiyani?" Mawu amenewo anandikhazika mtima pansi, moti tsopano ndimauza anzanga pamsika kuti ndinagulitsa katundu amene sanali wanga, n'kulandira ukwati wathunthu. Koma anzangawo akamawafunsa a Gelevazio, akuti iwo amangoseka n'kunena kuti Tadala ndi Yamikani anali atagwirizana kale zonsezi awiriwiri, ankhoswefe tisanakumane n'komwe.

Mwezi wathawu kunabadwa mwana wamkazi. Ku ubatizo tinapita tonse kwa ansembe, a Nabanda ali patsogolo ndi mwana m'manja, osafuna kumupatsa aliyense. Ine ndinkagwada pomwe anzanga akuimirira, n'kuimirira pomwe akugwada, mpaka a Gelevazio anasendera pafupi n'kumandikoka jekete pa nthawi yake. Potuluka a Nabanda anandipatsa mwanayo kuti ndimunyamule, ndipo kamwanako kanandigwira chala n'kukana kuchisiya.

Ndiye inu amene mwamva mbali zonse, tandiuzani mosakondera: pakati pa ine ndi a Gelevazio, anapambana ndani?